Wogula Ndi Wina, Wogwiritsa Ntchito Ndi Wina: Utsogoleri wa Magulu Okonza Mapulogalamu a Makampani Akuluakulu

Mapulogalamu a pakompyuta amene anthu ambiri amawadziwa ndi a pafoni ya m'manja, monga WhatsApp ndi Facebook, amene munthu amadzisankhira yekha ndipo akamutopetsa amawachotsa n'kuikamo ena. Pali mtundu wina wa mapulogalamu umene suonekera kwa anthu wamba, chikhalirecho ndi umene umayendetsa mabanki, zipatala, mafakitale, maofesi a msonkho ndi nthambi za boma zosunga chuma. Mapulogalamu amenewa ndi amene kalaliki amakonzera malipiro a antchito, namwino amalembamo zotsatira za magazi a wodwala, ndipo wosunga katundu amaonerapo zimene zatsala mosungiramo zinthu. Wantchito amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yotere sanaisankhe, alibe ufulu woikana, ndipo amakhala nayo tsiku lonse kwa zaka zambiri, kotero kuti pulogalamuyo ikakhala yosokoneza, ntchito yake yonse imakhala yowawa ndipo zolakwa zake zimagwera anthu ena amene sanaionepo n'komwe.

Ntchito yoonetsetsa kuti pulogalamu ikugwirizana ndi munthu woigwiritsa ntchito imadziwika ndi dzina lachingerezi lakuti user experience, kapena mwachidule UX, ndipo imakhudza zonse zimene munthu amakumana nazo kuyambira pamene watsegula pulogalamu mpaka pamene wamaliza chimene amafuna kuchita. Dzinali linafala kudzera mwa katswiri wa kaganizidwe ka anthu Don Norman, amene analigwiritsa ntchito pa udindo wake atalowa kampani ya Apple mu 1993. Bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO, mu muyezo wake wa 9241-11, limati chida n'chosavuta kugwiritsa ntchito ngati munthu akukwanitsa cholinga chake molondola, popanda kutaya nthawi ndi mphamvu zochuluka, komanso ali wokhutira. Gulu logwira ntchito imeneyi limakhala ndi ofufuza, amene amaphunzira mmene anthu amagwirira ntchito, madizaina okonza ndondomeko ya masitepe ndi maonekedwe a sikirini, ndiponso olemba mawu a pamabatani ndi mauthenga ochenjeza. Kutsogolera gulu lotere pa mapulogalamu a makampani ndi udindo wapadera, chifukwa mtsogoleri wake amayankhulira munthu amene sapezeka pa msonkhano uliwonse wopanga ziganizo.

Chimene chimachititsa mapulogalamuwa kukhala ovuta

Gwero loyamba la vutoli lili pa kagulidwe. Kampani ikafuna pulogalamu yowerengera chuma kapena yoyang'anira antchito, ogula amakhala akuluakulu a zachuma, a nthambi ya makompyuta ndi a komiti yogula katundu, ndipo iwowa amayerekeza mitengo, chitetezo ndi mndandanda wa zinthu zimene pulogalamu iliyonse imatha kuchita. Wogulitsa amadziwa kuti mndandanda wautali ndi umene umapambana, choncho kasitomala wamkulu aliyense akapempha chinthu chatsopano, chimaonjezedwa pa sikirini imene inali yodzaza kale. Pakatha zaka 20 za kuonjezera kotereku, pamakhala masikirini a timabokosi tambirimbiri, ndipo kalaliki amene amafuna tisanu tokha ayenera kuloweza pamtima timene ayenera kudumpha.

Gwero lachiwiri ndi lakuti ntchito zenizenizo n'zovuta mwa chibadwa chake. Malamulo a msonkho, ndondomeko zovomerezera malipiro, kusiyana kwa mphamvu za kalaliki ndi za bwana wake, ndiponso zofuna za oyendera mabuku sizingafufutidwe pofuna kuti sikirini ioneke yoyera. Larry Tesler, katswiri amene anagwira ntchito ku Xerox PARC ndi ku Apple, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti pulogalamu iliyonse imakhala ndi gawo la zovuta limene silingachotsedwe, ndipo funso lotsala ndi lakuti adzasenze ndani zovutazo, kaya injiniya polemba pulogalamu kamodzi kokha, kapena wantchito tsiku lililonse. Mtsogoleri wa madizaina amakhala pakati pa mkangano umenewu, ndipo mbali yake ndi kukankhira katunduyo kwa makina paliponse pamene n'kotheka.

Gwero lachitatu lili m'kati mwa kampani yolemba pulogalamuyo. Mu 1968 katswiri wa makompyuta Melvin Conway anasonyeza kuti mabungwe amapanga zinthu zofanana ndi mmene nthambi zawo zimalumikizirana, kutanthauza kuti ngati magulu anayi osayankhulana alemba pulogalamu imodzi, wogwiritsa ntchito adzaona zigawo zinayi zosiyana mawu, mitundu ndi kayendedwe. Makampani akuluakulu amene amakula pogula makampani ena amavutika kwambiri ndi zimenezi, popeza chilichonse chimene agula chimabwera ndi chikhalidwe chake.

Mtengo wa sikirini yosokoneza

Nkhani ya banki ya Citibank ikusonyeza poyera kukula kwa chiopsezo. Pa 11 Ogasiti 2020 bankiyi, imene inkayendetsa ngongole ya kampani ya zodzoladzola ya Revlon, inkafuna kutumiza chiwongoladzanja cha madola pafupifupi 7.8 miliyoni kwa obwereketsa, koma inatumiza madola pafupifupi 900 miliyoni a m'thumba mwake. Pulogalamu ya Flexcube imene antchito ankagwiritsa ntchito inkafuna kuti malipirowo alembedwe ngati kuti ngongole yonse ikubwezedwa, kenako ndalama za ngongole yeniyeniyo zilozedwe ku akaunti ya m'kati mwa banki kuti zisatuluke. Kuti zimenezi zitheke panafunika kuchonga timabokosi titatu, koma antchitowo anachonga kamodzi kokha, kamene dzina lake linkaoneka logwirizana ndi chimene ankafuna. Anthu atatu anaona malipirowo motsatizana monga mwa lamulo la bankiyo, ndipo onse anakhulupirira kuti zonse zinali bwino, makamaka poti uthenga wochenjeza umene unatuluka sunatchule kuchuluka kwa ndalama zimene zinali kutuluka. Ena mwa olandira anakana kubweza madola pafupifupi 500 miliyoni, khoti la ku New York linawakomera mu Febuluwale 2021, ndipo bankiyo inapambana pokhapokha pa apilo mu Seputembala 2022.

Chofunika kuona m'nkhaniyi ndi chakuti kuchulukitsa anthu oyendera ntchito sikunathandize, chifukwa onse atatu ankawerenga sikirini imodzi yomweyo ndipo inawasocheretsa mofanana. Zolakwa zambiri za mtundu umenewu sizifika kukhoti, koma zimadya nthawi mwakachetechete. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya Annals of Internal Medicine anapeza kuti madokotala a ku America amene anawaunika ankatha pafupifupi maola awiri pa makaundula a pakompyuta ndi ntchito za padesiki pa ola lililonse limene anakhala ndi odwala. Nthawi imeneyo ndi imene mtsogoleri wa madizaina amayesa kuibwezera kwa eni ake.

Zimene IBM inachita

Kampani ya IBM ndi chitsanzo chodziwika bwino cha kampani yaikulu imene inayesa kusintha zinthu kuchokera pa utsogoleri. Mbiri yake pa nkhani ya dizaini ndi yakale, popeza mu 1956 mkulu wake Thomas Watson Jr. anaitana katswiri wa zomangamanga Eliot Noyes kuti atsogolere maonekedwe a zinthu zonse za kampaniyo, ndipo Noyes anabweretsa Paul Rand, amene anajambula chizindikiro cha IBM, komanso madizaina Charles ndi Ray Eames. Koma pamene kampaniyo inasamukira ku malonda a mapulogalamu ndi upangiri, mwambo umenewu unazilala, ndipo mapulogalamu ake ambiri ankakonzedwa ndi mainjiniya okhaokha. Mu 2010 IBM inagula kampani yaing'ono ya Lombardi Software ya mumzinda wa Austin ku Texas, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake, Phil Gilbert, anapatsidwa mu 2012 udindo woyambitsanso ntchito ya dizaini m'kampani yonse, Ginni Rometty atangokhala mkulu wa kampaniyo.

Chinthu choyamba chimene Gilbert anayang'ana chinali chiwerengero cha anthu. Pa nthawiyo panali dizaina mmodzi pa olemba mapulogalamu pafupifupi 72, ndipo cholinga chinakhala kufika pa dizaina mmodzi pa 8 alionse, zimene zinafuna kulemba ntchito madizaina oposa 1,000 ndi kuikapo madola oposa 100 miliyoni. Mu Novembala 2013 kampaniyo inatsegula situdiyo yaikulu ku Austin, kumene madizaina ongolembedwa kumene ankaphunzitsidwa kwa miyezi itatu asanatumizidwe ku magulu awo, ndipo magulu athunthu a mainjiniya ndi mamanijala ankabwerako kwa mlungu umodzi kudzaphunzira njira yatsopano akugwira ntchito yawo yeniyeni. Gilbert anazindikira kuti dizaina wachinyamata woponyedwa yekha pakati pa mainjiniya akale amangosanduka wokongoletsa zinthu zimene ena anagamula kale, choncho anafuna kusintha gulu lonse limene dizainayo akalowemo.

Njira imene IBM inakhazikitsa inatsamira pa zizolowezi zitatu. Choyamba chinatchedwa Hills, ndipo chinali kulemba cholinga cha ntchito monga chinthu chimene munthu wina wake adzatha kuchita, m'malo molemba mndandanda wa zoonjezera. Cholinga chilichonse chinkatchula munthuyo, chimene adzakwanitse, ndi chimene chidzasiyanitse njira yatsopano ndi yakale, ndipo gulu silinkaloledwa kukhala ndi zolinga zoposa zitatu pa nthawi imodzi. Mwachitsanzo, m'malo monena kuti pakhale lipoti latsopano, gulu lingalembe kuti wowerengera ndalama athe kutseka mabuku a mwezi pa tsiku limodzi popanda kukopera manambala pamanja. Chachiwiri chinatchedwa Playbacks, misonkhano imene gulu limaonetsa ntchito yake monga nkhani ya tsiku la wogwiritsa ntchito, pamaso pa mabwana ndi nthambi zina, kuti kusagwirizana kuonekere ndalama zisanawonongeke. Chachitatu chinatchedwa Sponsor Users, anthu enieni ochokera kwa makasitomala amene amavomera kuyenda ndi gululo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, akuyesa zimene zakonzedwa ndi kunena ngati cholinga chakwaniritsidwa.

Zizolowezi zitatuzi zimasintha chinthu chimodzi, chimene ndi mwini wa mawu omaliza. Cholinga chikalembedwa m'dzina la wowerengera ndalama, ndipo wowerengera ndalama weniweni akakhala m'chipindamo, bwana sangangolengeza kuti ntchito yatha chifukwa tsiku lotulutsira lafika. Kafukufuku wa kampani ya Forrester wa mu 2018 ananena kuti magulu otsatira njirayi ankafikitsa zinthu pamsika mofulumira kawiri, ngakhale kuti kafukufukuyu analipiridwa ndi IBM yomweyo ndipo ayenera kuwerengedwa mozindikira zimenezo. Ndi bwinonso kukumbukira kuti ndalama zolowa m'kampaniyo zinapitirira kutsika kuyambira mu 2012 mpaka chakumapeto kwa 2017, zimene zikusonyeza kuti dizaini yabwino imakonza ntchito ya wogwiritsa ntchito koma silowa m'malo mwa ziganizo zina za malonda.

Ntchito ya mtsogoleri ya tsiku ndi tsiku

Funso loyamba limene mtsogoleri aliyense amakumana nalo ndi la malo amene madizaina akhale. Akawasonkhanitsa m'nthambi imodzi yolandira mapempho kuchokera ku magulu ena, ntchito yawo imafanana ndipo amaphunzitsana, koma amaitanidwa mochedwa ndipo sadziwa bwino nkhani ya pulogalamu iliyonse. Akawamwaza kuti aliyense akhale pansi pa manijala wa pulogalamu yake, amadziwa ntchitoyo mozama koma amasungulumwa, sakula pa luso, ndipo zigawo za pulogalamu zimayamba kusiyana. Peter Merholz ndi Kristin Skinner, m'buku lawo la mu 2016 lonena za kakonzedwe ka magulu a dizaini, analimbikitsa njira ya pakati, imene madizaina amakhala pansi pa mtsogoleri mmodzi wa dizaini koma timagulu tawo timapatsidwa gawo lokhazikika la malonda kwa nthawi yaitali. Kukhazikika kumeneku n'kofunika kwambiri pa mapulogalamu a makampani, chifukwa dizaina amatenga miyezi yambiri kuti amvetse inshuwalansi, kayendedwe ka katundu kapena malamulo a banki, ndipo akachoka amapita ndi nzeru zimene sizinalembedwe paliponse. Pa chifukwa chimenechi mtsogoleri wanzeru amakonza makwerero a maudindo amene amalola katswiri kukwezedwa ndi kulandira malipiro abwino popanda kukakamizidwa kukhala manijala.

Ntchito yachiwiri ndi kutsegula njira yofikira kwa ogwiritsa ntchito enieni. Wokonza pulogalamu ya pafoni angayese zinthu zake pa anthu odutsa mumsewu, koma wokonza pulogalamu ya banki amafuna chilolezo cha kasitomala, cha a zamalamulo ndi cha ogulitsa, amene nthawi zambiri amaopa kuti mafunso angavumbulutse madandaulo. Mtsogoleri ndi amene amakambirana ndi anthu onsewa kuti ofufuza ake aloledwe kukhala pambali pa wantchito pa malo ake a ntchito, njira imene Hugh Beyer ndi Karen Holtzblatt anaifotokoza mwatsatanetsatane chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pa desiki ya wantchito ndi pamene pamaoneka zinthu zimene iye sangazitchule pa msonkhano, monga timapepala tomata pambali pa sikirini, kabuku kolembamo manambala achinsinsi a zinthu, kapena fayilo ya Excel imene antchito anadzipangira chifukwa pulogalamu yodula ija siwathandiza. Chilichonse mwa zimenezi chimaloza pamene pulogalamuyo yalephera.

Ntchito yachitatu ndi kusunga umodzi pakati pa magulu ambiri, ndipo chida chachikulu pa zimenezi ndi design system, imene ndi nkhokwe ya zidutswa zokonzedwa kale, monga mabatani, matebulo, mafomu ndi mauthenga, pamodzi ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake. IBM ili ndi yake yotchedwa Carbon, kampani ya Salesforce inatulutsa Lightning mu 2015, ndipo kampani ya ku Germany ya SAP, imene inayambitsidwa mu 1972 ndi anthu asanu amene kale ankagwira ntchito ku IBM, inatulutsa Fiori mu 2013. Fiori inayamba ndi mapulogalamu ang'onoang'ono 25 okonzedwa motsatira udindo wa munthu, kotero kuti bwana wongofuna kuvomereza tchuthi cha wantchito ankaona zokhudza ntchito imeneyo basi, m'malo mwa sikirini yaikulu yokonzedwera akatswiri. Nkhokwe yotere imamasula madizaina kuti asamajambule batani lomwelo kambirimbiri, koma imafuna gulu lake loisamalira ndi bajeti yake, ndipo mtsogoleri amene salimbana kuti zimenezi zipezeke amaiona ikufa pakangopita zaka zochepa.

Ntchito yachinayi ndi kuyeza zotsatira m'chiyankhulo chimene osunga chuma amamva. Pa pulogalamu ya pafoni, munthu akamakhalapo nthawi yaitali eni ake amakondwa, koma pa pulogalamu ya ku ofesi nthawi yaitali ndi chizindikiro cha vuto. Zoyenera kuyeza ndi mphindi zimene ntchito imodzi imatenga, kuchuluka kwa zolakwa, masiku ophunzitsira wantchito watsopano, ndi matelefoni opempha thandizo. Palinso mafunso khumi a System Usability Scale, amene John Brooke anakonza mu 1986, amene amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100 ndipo amathandiza kuyerekeza pulogalamu yakale ndi yatsopano. Katswiri wa UX Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumavumbula mavuto ambiri a sikirini, koma pa pulogalamu imene kalaliki, bwana ndi woyendera mabuku amaigwiritsa ntchito mosiyana, gulu lililonse limafuna kuyesedwa palokha.

Ntchito yachisanu, imene imafuna kudzichepetsa kwambiri, ndi kulemekeza akatswiri akale. Wantchito amene wagwiritsa ntchito sikirini yakale kwa zaka 15 amalembapo ndi zala zokha osayang'ana, ndipo sikirini yatsopano yokongola imene imamukakamiza kugwira mbewa ya kompyuta pa sitepe iliyonse imamuchedwetsa ndithu. Madandaulo ake si kuuma mutu, koma umboni woyenera kuumvera. Mtsogoleri wabwino amateteza njira zachidule za pakiyibodi, amalola sikirini yodzaza pamene kudzazako kumathandiza katswiri kuona zonse nthawi imodzi, ndipo amasintha zinthu pang'onopang'ono, akulola njira yakale ndi yatsopano kuyendera limodzi kwa kanthawi.

Phunziro kwa ogula ndi okonza a kuno kwathu

Nkhani imeneyi ikukhudzanso Malawi, popeza maofesi a boma amayendetsa chuma kudzera mu IFMIS, bungwe la MRA limagwiritsa ntchito ASYCUDA pa msonkho wa m'malire, ndipo unduna wa zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero kudzera mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway. Dziko lino lilinso ndi chitsanzo chake cha kakonzedwe koyambira pa wogwiritsa ntchito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 bungwe la Baobab Health, limene anayambitsa Gerry Douglas, linaika pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe makompyuta ongokhudza sikirini ndi chala, opanda kiyibodi, amene ankafunsa mafunso ochepa pa sikirini iliyonse ndi kusindikiza kapepala ka manambala komata m'kabuku ka wodwala. Kakonzedwe kameneka kanabadwa poona mmene zinthu zinalili m'chipatala, kumene mizere inali yaitali, magetsi ankazimazima, ndipo antchito ambiri anali asanagwirepo kompyuta, ndipo pambuyo pake kanafalikira m'zipatala zambiri zopereka mankhwala a ma ARV.

Mabungwe ambiri a kuno amagula mapulogalamu olembedwa kunja, choncho mphamvu yawo yaikulu ili pa nthawi yogula ndi yokhazikitsa. Komiti yogula ingathe kuika makalaliki, anamwino kapena osunga katundu pakati pa oyesa pulogalamu, ingapemphe wogulitsa kuti antchito enieni amalize ntchito zenizeni pamaso pake nthawi ikuwerengedwa, ndipo ingalembe m'mgwirizano kuti malipiro omaliza adzaperekedwa antchito akadzatha kugwira ntchito zawo popanda thandizo. Zimenezi sizifuna situdiyo ya ku Austin kapena madola 100 miliyoni, koma zimafuna munthu mmodzi waudindo amene ntchito yake ndi kufunsa mmene pulogalamuyo idzakhudzire wantchito wa pansi, ndipo amene ali ndi mphamvu yoimitsa chiganizo yankho likakhala losakhutiritsa. Bungwe limene lilibe munthu wotere limalipirabe mtengo wa kakonzedwe koipa, kudzera m'maphunziro obwerezabwereza, m'zolakwa za m'mabuku ndi m'nthawi ya anthu odikira pamzere, kungoti mtengowo suonekera pa mzere uliwonse wa bajeti.